Ndavulala pantchito, abwana akuti ndisayine pepala ndilandire ndalama. Ndichite bwanji?

Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa amene anadutsamo kapena amene amadziwa malamulo a zantchito.

Ndimagwira ntchito pamalo ochekera matabwa. Mwezi watha macheka a makina anandigwira dzanja lamanja ndikukankha thabwa. Chala chamkombaphala anachidula kuchipatala, chapakati chilipo koma sichikupinda, ndipo kunsonga kwake ndikakhudza sindimva kanthu. Chotchingira macheka aja chinachotsedwa kalekale, akapitawo ankati chimachedwetsa ntchito. Aliyense wogwira pamenepo amadziwa.

Tsiku la ngozi ananditengera kuchipatala pa galimoto ya kampani ndipo ndalama zoyamba analipira okha. Koma kuchokera pamenepo malipiro sanabwerenso. Mankhwala ndi ulendo wokatsukitsa bala ndikulipira ndekha. Sabata ino anandiitana ku ofesi. Patebulo panali envulopu ndi pepala la Chingerezi. Akuti mu envulopumo muli malipiro a miyezi itatu, ndikangosayina nditenge. Pepalalo ndinaliwerenga mothamanga, pali mawu oti "full and final settlement" (kutanthauza kuti nkhani yathera pomwepo) komanso oti ngozi inachitika chifukwa cha kusasamala kwanga. Nditapempha kuti ndipite nalo kunyumba ndikawerenge bwino, anakana. Anati ku ofesi ya zantchito ndikangotaya nthawi chifukwa ndine waganyu, ndilibe kontrakiti, ndipo ndikapitako ntchito yathera pomwepo.

Ndagwira pamenepo zaka zingapo, tsiku lililonse kupatula Lamlungu. Kodi munthu wotere ndi waganyu? Kodi chipukutamisozi chimayambira pati, ndipo ndani amawerengera? Ndili ndi ana, lendi ikundidikira, envulopu ija ikundikoka mtima. Ndithandizeni abale.

Yankho:
Pepani kwambiri achimwene. Osasayina. Zina zonse mumva kwa anzanga koma cholembera chokhacho musachigwire.

Yankho:
Bambo, ndinagwirapo ntchito yoona mafomu a anthu ovulala pantchito, ndiye ndifotokoza motalikirapo.

Choyamba, nkhani yoti "munalakwitsa ndinu" isakuopseni. Chipukutamisozi cha ovulala pantchito sichifunsa kuti wolakwa ndani. Chimafunsa kuti kodi munthuyu ndi wantchito, ndipo kodi wavulala ali pantchito komanso chifukwa cha ntchitoyo. Lamuloli linakhazikitsidwa dala chifukwa kale wantchito ankayenera kukatsimikizira khoti kuti bwana ndiye wolakwa, ndipo ambiri ankabwerako chimanjamanja. Germany inayamba inshuwalansi ya ngozi zapantchito mu 1884, Britain inatsatira ndi lamulo lake mu 1897, kenako bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linaika mfundoyi m'mapangano ake a 1925 ndi 1964. Lero ku Malawi kuli Workers' Compensation Act ya 2000, ku South Africa kuli lamulo lotchedwa COIDA la 1993, maiko ena ali ndi awo. Chimene chimatha kumulepheretsa munthu ndi monga kudzivulaza dala kapena kugwira makina ataledzera. Kutsetsereka kwa dzanja pa macheka opanda chotchingira si zimenezo ayi.

Chachiwiri, chipukutamisozi si chinthu chimodzi. Pali ndalama zakuchipatala. Pali ndalama zimene mumayenera kulandira nthawi yonse imene dokotala wakuletsani kugwira ntchito. Ndiye pali za kulumala kosatha, zimene ndi zazikulu pa nkhani yanuyi. Izi zimawerengedwa bala likapola ndipo dokotala akaona kuti dzanja lafika pamene silisinthanso. Iye amalemba kuti mwataya mphamvu zogwirira ntchito ndi maperesenti angati. Malamulo ambiri ali ndi mndandanda wake: chala chachikulu peresenti yake, chamkombaphala yake, dzanja lonse yake, diso yake. Peresentiyo ndi malipiro anu ndiye zimabala chiwerengero.

Tsono taonani. Chala chanu chapakati sichinadziwike mathero ake. Mwina chidzapinda mukachita mafizo, mwina mtsempha unaduka ndipo chidzakhala choncho. Dokotala sanalembe peresenti. Nanga abwanawo miyezi itatu aitenga kuti? Akufuna mugulitse chinthu chimene mtengo wake simunaudziwe, ndipo akufulumira chifukwa iwo akuudziwa.

Mwini funso:
Zikomo mayi, mwanditsegula maso. Koma poti ndilibe kontrakiti, adzandikhulupirira ndani?

Yankho:
Kontrakiti si pepala lokha bambo. Mgwirizano wapakamwa ndi mgwirizano ndithu. Amayang'ana zimene zinkachitika: ndani ankakuuzani nthawi yolowa ndi yoweruka, makina ndi a ndani, malipiro ankabwera motani. Ngati ankakulipirani pafoni, mauthenga aja musafufute, ajambuleni musungenso kwina. Ngati mumasayina m'buku polandira ndalama kapena polowa pageti, nenani kuti bukulo lilipo, a zantchito ali ndi mphamvu yolifuna. Yunifolomu, chiphaso, mauthenga a WhatsApp a akapitawo okuuzani kuti mubwere msanga, zonsezo ndi umboni. Umboni wa malipiro ndi wofunika kawiri, chifukwa akakanika kukana kuti ndinu wantchito wawo, chotsatira amachepetsa malipiro anu papepala kuti chiwerengero chitsike. Ngati mumalandira za ovataimu nthawi zonse, zitchuleni.

Yankho:
Ine ndinena zosiyana, musandinyoze. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mlamu wanga anathyoka mwendo pantchito, anatsata njira yonse ya maofesi, anayenda mpaka kutopa. Lero fayilo kulibe, mawa wosayina wachoka. Ndalama zinabwera ana atasiya kale sukulu teremu yathunthu. Munthu ali ndi lendi, mukumuuza adikire?

Yankho:
Akulu, kuchedwa mukunenako n'koona, sindikutsutsa. Koma mlamu wanu mwendo unapola, anabwerera kuntchito. Uyu ndi mmisiri wa matabwa, dzanja lamanja, chala chapita. Miyezi itatu ikatha adzadya chiyani zaka zonse zikubwerazi? Ndiponso ndalama za mu envulopuzo mbali ina ndi zake kale, ndi malipiro amene amuimitsira akudwala. Akumupatsa zake zomwe kuti asiye zazikulu.

Njira ilipo yapakati. Achimwene, mukhoza kuwauza kuti ndalama mulandira ngati gawo la zimene akuyenera kukupatsani, ndipo musayina risiti yongonena kuti mwalandira zakutizakuti pa tsiku lakuti, popanda mawu oti nkhani yatha, popandanso mawu oti munalakwa. Akakana, mwadziwa chimene amafuna. Pitani ndi munthu wodziwa kuwerenga Chingerezi bwino, musalowe nokha mu ofesimo.

Yankho:
Ndiwonjezere za nthawi, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera. Udindo wokanena za ngozi ku boma ndi wa olemba ntchito, ndipo amapatsidwa masiku owerengeka. Ku South Africa ndi masiku 7. Koma olemba ntchito akakhala chete, inu muli ndi ufulu wokanena nokha, simufunika chilolezo chawo. Dandaulo lanunso lili ndi malire a nthawi, ndipo malirewo amasiyana dziko ndi dziko, choncho funso loyamba mukafika ku ofesi ya zantchito likhale limenelo. Mabwana ena amadziwa zimenezi, amangoti "tikuona, bwerani mwezi wamawa" mpaka nthawi itadutsa.

Lembani kalata yaifupi yopita kwa abwana: tsiku la ngozi, nthawi, makina ake, mmene zinachitikira, amene analipo. Ikhale makope awiri, imodzi asayine kuti alandira. Akakana kusayina, tumizani pafoni kuti pakhale tsiku. Inde akudziwa kale, anakutengerani okha kuchipatala, koma mawa akhoza kunena kuti munavulalira kunyumba mukupanga mipando yanu. Zoterezi zimachitika.

Mwini funso:
Apa mwandikumbutsa. Titafika kuchipatala, amene analankhula ndi adokotala ndi akapitawo, ine ndinali ndi ululu woopsa. Ndayang'ana m'buku langa lakuchipatala, palembedwa kuti ndinadulidwa ndi macheka, koma sipanalembedwe kuti kuntchito.

Yankho:
Ndine namwino. Mukapitanso kokaonetsa bala, auzeni adokotala momveka kuti ngoziyi inachitikira kuntchito ndipo mukufuna lipoti la chipukutamisozi. Sangafufute zimene zinalembedwa, koma akhoza kuwonjezera. Nenani zonse, musalimbe mtima pamaso pa dokotala. Dzanzi la kunsongalo, kulephera kugwira hamala, kulephera kumanga mabatani, ululu wa usiku, ngakhale kumva ngati chala chodulidwacho chikadalipo ndipo chikuyabwa kapena kuwawa. Chomalizachi chimachitikira anthu ambiri odulidwa chiwalo, musachite nacho manyazi. Chimene simunanene sichilowa mu lipoti. Pemphaninso kuti akutumizeni ku mafizo msanga, chala chikakhalitsa osapinda mfundo zake zimauma. Malisiti onse sungani, ndi a ulendo omwe.

Yankho:
Makina opanda chotchingira aja muwajambule lero lomwe ngati muli ndi mnzanu wokhulupirika mkatimo. Akangomva kuti mwapita ku boma, m'mawa mwake chidzakhala chitabwezeretsedwa. Pa chipukutamisozi wamba chithunzicho sichifunika kwenikweni, koma chimatseka pakamwa wonena kuti munali wosasamala. Komanso m'maiko ena mukhoza kusumira kampani kukhoti pa mlandu wonyalanyaza chitetezo, monga ku Britain. Ku South Africa lamulo silikulolani kusumira bwana wanu, mumalandira kuthumba la boma. Ndiye musanasankhe njira, funsani loya kapena a bungwe la apantchito za kwanuko. Ngati loya akuti adzadula pa ndalama zimene mudzapate, peresenti yakeyo ilembedwe musanayambe. Maofesi othandiza anthu osauka pa milandu aliponso m'maiko ambiri.

Za mboni, musadalire kwambiri anzanu amene akadali pantchito. Si kuti ndi oipa, nawonso ali ndi ana. Ngati alipo amene anasiya ntchito koma amadziwa za chotchingiracho, mupezeni.

Yankho:
Za kuchotsedwa ntchito palibe wayankha. Kumuchotsa munthu chifukwa wadandaula mwalamulo ndi mlandu wina pawokha m'malamulo ambiri a zantchito, ndipo kuchotsedwako sikufafaniza chipukutamisozi cha ngozi imene inachitika kale. Koma chenjerani ndi kalata yosiya ntchito. Akakuuzani kuti "lembani kuti mwasiya nokha tikupatseni zanu zonse", musalembe. Ndipo kalata iliyonse ya dokotala yokupumitsani muzipereka kope kuntchito, asadzanene kuti munathawa.

Mwini funso:
Ndathokoza nonse, ndawerenga lililonse. Kalata ija tailemba ndi mkazi wanga usiku uno, mawa ndikaipereka kenako ndipita ku ofesi ya zantchito ndi buku lakuchipatala ndi mauthenga a malipiro. Mnzanga wina wavomera kujambula makinawo nthawi ya nkhomaliro. Abwana aimbanso madzulo ano, akuti envulopu ikhalapo mpaka Lachisanu basi. Ndawayankha kuti ndilandira ndi risiti yokha, anangodula foni.

Funso lina kwa mayi amene munagwirapo za mafomu: dokotala akalemba peresenti imene ine ndikuona kuti yachepa, kapena kampani ikanditumiza kwa dokotala wawo, ndingapemphe kuti andionenso wina?

Yankho:
Mungathe bambo. Malamulo ambiri amapereka mpata wotsutsa chiwerengero ndi kupempha kuunikidwanso, koma mpatawo umakhala ndi masiku ake, ndipo nthawi zambiri ndi ochepa. Kwa dokotala wa kampani pitani akakuitanani, kukana kukhoza kuimitsa dandaulo lanu, koma pemphani kope ya lipoti lake. Tsiku limene adzakupatseni pepala la chiwerengero, musasayine kuti mwavomereza musanafunse kuti wotsutsa amapita kuti ndipo ali ndi masiku angati. Mudzatiuze mmene mwayendera mawa.