Za kutsogolo kwa Camaro ya 1967 ija, nazi zomwe ndapeza

Ndinafunsa ngati madigadi, boneti ndi girilo za galimoto ya Chevrolet Camaro ya 1968 kapena ya 1969 zingakwane pa yanga ya 1967, imene inaphwanyika kumaso. Zikomo nonse amene munandiyankha. Ntchito yatheka.

Madigadi a 1968 alowa bwinobwino, mabowo a mabawuti agwirizana, mzere wa chitseko nawo wakumana. Chovuta ndi kabowo ka nyale ya m'mbali. Lamulo la ku America linayamba kufuna nyale zimenezi mu 1968, ndiye ya 1967 ilibe. Tinadula kachitsulo, kuwotcherera pabowopo, n'kupala mpaka chala osamva polumikiza. Ena amangosiya nyalezo, koma kwa ine galimoto ya 1967 izioneka ya 1967.

Girilo ndasunga ya chaka chake, chifukwa tinyale take tating'ono ndi tozungulira, pamene ta 1968 ndi totambalala.

Za 1969 musataye nazo ndalama. Boneti yokha ndiyo imalowa pa zaka zitatu zonsezi. Madigadi a 1969 ali ndi mzere wochokera pamwamba pa tayala kulowera m'chitseko, ndipo pa chitseko cha 1967 mzerewo umangothera panjira.

Amene muli ndi RS, ya nyale zobisika ija, samalani kwambiri: zivundikiro za nyale za 1967 zimatsegulidwa ndi timamota tamagetsi, za 1968 zimayendera vacuum, mphamvu yokoka mpweya yochokera ku injini. Mukasintha, mapaipi ndi mawaya ake asinthidwenso. Panopa yatsala penti basi.