Ana a ku Domwe: nkhani ya batire la galimoto yamagetsi

Wapampando aPhiri: Abale ndi alongo, mwaswera bwanji konse komwe muli. Nkhani ija tinaisiya panjira Lamulungu yabweranso, ndipo ndikufuna sabata ino ithe, poti ndalama zikungogona. Tinagwirizana kuti chopereka cha chaka chino chipite ku magetsi a dzuwa m'nyumba za makolo athu kumudzi. Za mapanelo palibe akutsutsa, pavuta ndi pa batire. AMbewe ali ndi ganizo, tiyambe tawamva. Chonde lembani, musajambule mawu, kuti amene netiweki ikuwavuta adzawerenge mawa.

aMbewe (Beira): Zikomo a Wapampando. Pagalaja pomwe ndimagwira ntchito pali Nissan Leaf ya 2013, yochokera ku Japan, imene inagundidwa kumbuyo. Mwini wake watopa nayo, akufuna kuigulitsa m'zidutswa. Galimoto imeneyi siimwa mafuta, imayenda ndi batire lalikulu lomwe lili kunsi kwake. Lili latsopano limasunga 24 kWh (kWh ndi muyezo wa kuchuluka kwa magetsi osungidwa). M'kati mwake muli timabokosi 48 tonga zitini zophwatalala, kalikonse kolemera pafupifupi makilo 4. Pagalimoto pamaoneka mizere 12 yosonyeza thanzi la batire, ndiye iyi yatsala ndi 9, kutanthauza kuti mphamvu yatsala pafupifupi 70 pa 100. Kukokera galimoto kuchoka ku Beira mpaka ku Chimoio sikungathekenso, koma kuyatsa mababu ndi kutchajira mafoni ndi ntchito yopepuka kwa batire lotere. Tigule, tiphwasule, nyumba iliyonse ilandire timabokosi tiwiri. Nyumba 24 zawala tsiku limodzi.

Nabanda (msungichuma): Achimwene, musanapitirire. Mayi anga ndinawagulira batire la asidi kawiri m'zaka zinayi, onse awiri anafa. Ndiye lero mukuti tigule lakale, lotayidwa ndi eni ake? Ndalama izi anthu apereka atagulitsa mbatata ndi fodya. Ine ndi amene ndidzafunsidwe pamaliro ndi patchalitchi.

aMbewe (Beira): Achemwali, funso lanu ndi labwino. Batire la asidi limafa msanga chifukwa silifuna kukamidwa kupitirira theka, koma kumudzi timalikama mpaka babu litafiira. La lithiyamu, ngati la Leaf ili, limapirira kutchajidwa ndi kukamidwa kambirimbiri. Ndipo sindife oyamba. Ku Amsterdam, bwalo la mpira la Johan Cruijff Arena linayamba mu 2018 kusunga magetsi m'mabatire a Leaf, ena atsopano ena akale, okwana ngati a magalimoto 148. Ku Japan kampani ya 4R Energy, ya Nissan ndi Sumitomo, ntchito yake ndi yomweyi yopatsa mabatire akale moyo wachiwiri.

Aphunzitsi aJere: Ine mtima wanga uli kwa aMbewe. Ana anga a kalasi yachisanu ndi chimodzi amawerenga ndi tochi ya foni, ena ndi koloboyi, m'mawa maso ali psu. Chigawo chathu chino cha Tete ndi chimene chili ndi Cahora Bassa, damu lotulutsa 2,075 MW, ndipo magetsi ambiri amayenda ulendo wa makilomita pafupifupi 1,400 kupita ku South Africa. Ku Moatize malasha akutuluka usana ndi usiku. Koma kuseri kwa phiri kwathu kuja waya sanafike, ndipo sitingauze mwana wa zaka 12 kuti adikire. Chimene tingathe ndi manja athu tichite.

Chisomo (Songo): Makolo anga, ndine wamng'ono pagulu pano koma ndiloleni, poti zamagetsi ndi zimene ndikuphunzira. Amalume aMbewe, ganizo la timabokosi tiwiri panyumba lili ndi vuto lomwe silioneka msanga. Kabokosi kamodzi ka Leaf kali ndi maselo anayi (timabatire ting'onoting'ono ta m'kati), awiriawiri, ndipo kamatulutsa pafupifupi 7.6 V. Mukalumikiza tiwiri mupeza 15 V, ndipo tikadzaza timafika kupitirira 16 V. Mababu, mawailesi ndi mainveta amene ali kumudzi ndi a 12 V. Ambiri mwa iwo akalandira 16 V amangozima okha, ena amapsa. Pa 24 V sizigawikanso bwino, pamafunika timabokosi titatu ndi theka, ndipo kabokosi simungakadule. Pomwe zimakhala bwino ndi pa 48 V: timabokosi 7 pamzere umodzi. Ndiye pa 48 tija mutuluka magulu 6, ndi timabokosi 6 totsala tosinthira. Nyumba 24 sizingatheke mwa njira imene mwanenayo.

aMbewe (Beira): Mphwanga, apa wandiphunzitsa. Ine ndinangowerengera mphamvu, za ma volt sindinaziganizire. Nanga gulu limodzi la 7 lingasunge zochuluka bwanji?

Chisomo (Songo): Kabokosi katsopano kamasunga theka la kWh, ndiye 7 ndi 3.5 kWh. Pa 70 pa 100 ija tinene 2.4 kWh, ndipo kuti likhalitse sitingalidzazitse kapena kulikamiratu, choncho tiwerengere 2 kWh, ndiye kuti 2,000 Wh. Nyumba ya mababu anayi a 5 W oyaka maola asanu yadya 100 Wh. Onjezani mafoni, wailesi ndi kanema wamng'ono, mufika mwina 300 Wh patsiku. Gulu limodzi lingadyetse nyumba zinayi kapena zisanu zoyandikana, nkutsalako kena ka masiku a mitambo mu Januwale. Koma gulu lililonse lifuna BMS yakeyake, kachipangizo koyang'anira selo iliyonse kuti isapitirire 4.2 V kapena kutsika kwambiri. Lifunanso fyuzi, chowongolera tchaji chimene chimalola kusintha ma volt, ndi inveta ya 48 V. Zimenezi si zotchipa, ziwerengeredwe pamtengo.

Nangozo (namwino): Ine za ma volt sindizidziwa, ndikudziwa mabala a moto. Ndasambitsapo ana opsa ndi nyali yogwera pa neti, ndipo fungo lake silichoka m'mphuno. Ndikufuna koloboyi achoke m'nyumba zathu kuposa wina aliyense pano. Koma tisachotse moto waung'ono nkulowetsa waukulu. Nyumba zambiri za makolo athu ndi zofolera ndi udzu, chimanga chili pafupi, agogo amagona ndi zidzukulu chitseko chotseka ndi mpiringidzo. Chisomo, tiuze zoona zake, batire limeneli likayaka limazimika?

Chisomo (Songo): Azakhali, sindikubisirani. Selo ya lithiyamu ikatchajidwa mopitirira, ikabooledwa kapena mawaya akagundana, imatentha yokha, nkutenthetsa inzake, moto nkumayenda selo ndi selo. Ndowa imodzi ya madzi siikwana, ndipo ukhoza kuoneka ngati wazima nkudzayakanso. Utsi wake ndi wa poizoni. Maselo a Leaf yakale ndi a manganese, saopsa ngati ena, koma sali odekha ngati a LiFePO4, mtundu wina wa lithiyamu, amene akugulitsidwa atsopano a sola. Chinanso, galimoto iyi inagundidwa. Kabokosi kalikonse kotupa kapena kopindika nkotaya. Ndipo amalume, batire lisanaphwasulidwe lili ndi 360 V, zomwe zimapha pomwepo. Pamafunika kuchotsa kaye pulagi yapakati pa batire yodula mzere wa magetsi, magolovesi a magetsi, ndi masipanala okutidwa. Musapatse anyamata a pagalaja kuti angolitsegula.

Nabanda (msungichuma): Ndiye mwamva. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Bwanji osangogula a LiFePO4 atsopanowo, okhala ndi BMS m'kati ndi chikalata cha sitolo? Ngakhale tiyambe ndi nyumba zochepa.

aBanda (Tete, makaniko): Mayi msungichuma, atsopanowo ndi abwino, ine sindikana. Koma ndalama yomweyo ingagule mphamvu yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya Leaf, ndipo m'misika muno ena amalembedwa 100 Ah (muyezo wa tchaji imene batire limasunga) kunja pomwe m'kati mulibe zimenezo. Ndinagulapo limodzi m'sitolo ina, nditaliyeza silinafike ndi theka lomwe. Chatsopano nachonso chimafuna kuyezedwa. Chimene ndikufuna kuonjeza ndi cha kutentha. Batire la Leaf yakale lilibe chozizitsira, ndipo ku Arizona ku America eni magalimotowa anadandaula mu 2012 kuti akutha msanga chifukwa cha dzuwa. Likanakhala lokaikidwa muno mu mzinda wa Tete, momwe Okutobala ndi Novembala timapitirira madigiri 40, ndikanakana lero lomwe. Koma kwathu ku Angonia nkozizira, moti mu Juni timaotha moto. Kumeneko lingakhalitse, bola lisakhale pansi pa malata otentha opanda mpweya.

Agogo aNkhoma (walemba ndi mdzukulu): Ana anga, ndakhala ndikumva. Mukuti batire limodzi nyumba zisanu. Kwathu nyumba zoyandikana ndi za mbumba imodzi, mayi ndi ana ake aakazi ndi akamwini. Mudziwiretu mwini wake ndani. Mkamwini akaikapo ndalama yake, ukwati ukatha adzanyamula mawaya. Wina adzagula firiji nkumaliza magetsi a anzake dzuwa lisanalowe. Tinaona pa mjigo uja, aliyense amatunga koma utathyoka panalibe woponya ndalama. Lembani kuti katunduyu ndi wa gulu, wosungidwa ndi mayi wamkulu wa pabanjapo, ndipo anyakwawa akhalepo polemba.

Aphunzitsi aJere: Agogo anena zimene ife a sukulu sitinaziganize. Koma ndili ndi nkhawa ina. Magulu 6 ndi mbumba 6. Pagulu pano tilipo mabanja opitirira pamenepo, ndipo aliyense waponya. Ndani adzauze mayi ake kuti chaka chino magetsi apita kwa aneba?

Nangozo (namwino): Aphunzitsi, mayi anga akhoza kudikira, ine ndikawauza ndekha. Chimene sindilola ndi batire kugona m'nyumba ya anthu. Limangiridwe kanyumba kakekake ka njerwa zowotcha, kotalikirana ndi nyumba ndi nkhokwe, kokhala ndi mazenera a mpweya ndi loko, ana asamalowemo. Njerwa kwathu sizisowa. Popanda kanyumbako, dzina langa mulichotse pa ntchitoyi.

aMbewe (Beira): Achemwali Nangozo, ndavomera, ndipo simenti ya kanyumba koyamba ndigula ndine. Mwini galimoto ndalankhula naye madzulo ano. Walola kuti tiliyeze tisanalipire, koma akuti pali wina wa ku Chimoio amene akulifunanso, sadikira kupitirira mwezi uno.

Nabanda (msungichuma): Wa ku Chimoioyo asatithamangitse. Akalitenga, lina lidzapezeka. Ine ndalama sindituma pa M-Pesa chifukwa cha mizere 9 ya pagalimoto. Ndikufuna manambala a kabokosi kalikonse, olembedwa, aikidwe pano tonse tione.

Chisomo (Songo): Zimenezo nzotheka. Batire lisanatsitsidwe, pali pulogalamu ya pafoni yotchedwa LeafSpy imene imalumikizidwa ndi kachipangizo ka OBD kolowetsa pagalimoto, imaonetsa thanzi lenileni ndi ma volt a maselo awiriawiri onse 96. Selo yofooka imaonekera pomwepo. Tikatsegula, kabokosi kalikonse tikadzaze, tikakame ndi katundu wodziwika, tilembe ma Ah ake ndi choko pamwamba. Tofanana mphamvu tikhale gulu limodzi, chifukwa kofooka kamodzi kamakokera pansi anzake onse 6. Ndi ntchito ya masabata, si ya tsiku limodzi. Tchuthi chikayamba ndikhoza kupita ku Beira, koma ndikufuna mphunzitsi wanga mmodzi aone dongosolo lonse ndisanalumikize kalikonse. Ndipo kumudzi kukhale anthu awiri, mnyamata ndi mtsikana, oti ndiwaphunzitse kuwerenga BMS ndi kudula magetsi, poti ine sindikhala komweko.

aBanda (Tete, makaniko): Za kunyamula musadandaule, koma lisakwere chapa kapena basi pamodzi ndi anthu. Lonse limalemera pafupifupi makilo 300. Ndili ndi mnzanga wa lole amene amabwera wopanda katundu kuchokera ku Beira. Timabokosi tidzakutidwe kumitu ndi tepi, tisagundane ndi chitsulo, ndipo pakhale kalata ya mwini galimoto yosonyeza kuti tagula. Totupa tija tisakatayidwe kudzala kapena m'chimbudzi, ndidzatisunga ine kuno padera mpaka tipeze kokatisiya.

Aphunzitsi aJere: Funso langa la mbumba 6 lija silinayankhidwe.

Wapampando aPhiri: Aphunzitsi, silinayankhidwe ndithu, ndipo usiku uno sitilitha. Pakadali pano tichite izi. AMbewe apeze ka OBD kaja atumize zithunzi za LeafSpy pofika Lachisanu. Mayi Nabanda afunse mtengo wa LiFePO4 ya 48 V ku Tete ndi ku Ulongwe, Chisomo awerengere BMS, inveta ndi mafyuzi a gulu limodzi, tiike mitengo iwiriyo pamodzi. Manambala akakhala bwino, tigula batire lonse koma timanga gulu limodzi lokha, ligwire ntchito dzinja lonse tisanakhudze enawo. Za komwe liyambire tidzakambirana Lamulungu anyakwawa ali pafoni. Amene akutsutsa alembe tsopano.

Nabanda (msungichuma): Sinditsutsa. Koma ya ulendo wa Chisomo ituluke m'thumba lapadera, ya magetsi isakhudzidwe. Ine ndayamba ndi 500 meticais.

Nangozo (namwino): Inenso 500. Chisomo, magolovesi aja ugule usanakwere, unditumizire chithunzi.