Zochita za mitengo ndi ana osayamba sukulu: tiyambire pati?

Mayi_wa_Awiri

Moni nonse. Ndili ndi ana awiri, wa zaka 3 ndi wa zaka 5, ndipo ndikufuna kuti mwezi uno tiziphunzira za mitengo pakhomo. Zambiri zimene ndikuona pa intaneti n'zodula mapepala n'kumata, ndipo mapeto ake munthu wamkulu ndiye amagwira ntchito, mwana n'kumangoonerera. Ndikufuna zimene mwana angachite ndi manja ake, zosalira zipangizo zambiri. Chonde mundiuze kachitidwe kake bwinobwino ndi zoyenera kusamala, makamaka kwa wamng'onoyu amene chilichonse chimathera m'kamwa.

MphunzitsiWaMkaka

Amayi, mwaona bwino. Sankhani mtengo umodzi weniweni umene uli pafupi, muziupitira womwewo mwezi wonse. Ana a msinkhu uwu amagwira zinthu pozibwereza, ndipo mphindi 10 kapena 15 pa tsiku n'zokwanira. Wa zaka 3 akachokapo patangotha mphindi 5, musiyeni.

Yambani ndi kujambula khungwa pokwecha. Pakufunika pepala loyera lopyapyala, makrayoni onenepa akuda kapena a bulauni, ndi selotepi. Chotsani timapepala tokutira makrayoniwo kuti mwana awagoneke cham'mbali, asalembe ndi nsonga. Matani pepala pa thunthu m'ngodya zonse zinayi, molingana ndi chifuwa cha mwana, ndipo azikwechera mbali imodzi, kuchokera m'mwamba kutsika. Pepala likakhala lochindikala, mizere ya khungwa siioneka. Likamasuntha, chithunzi chimasokonekera. Khungwa likakhala lonyowa kapena la ming'alu yakuya, pepala limabooka, choncho sankhani tsiku louma ndi malo a thunthu osakakala kwambiri.

Ndi masamba n'chimodzimodzi, koma patebulo. Tengani tsamba laliwisi, pakuti louma limafumbutuka, ndipo mulitembenuze kunsi kwake kuyang'ane kumwamba chifukwa mitsempha imatukuka kwambiri kunsiko. Pepala pamwamba, kenako kukwecha.

Masamba omwewo ndiwo masamu anu. Wamng'onoyo mupatseni masamba 10, asiyanitse potengera chinthu chimodzi chokha, aakulu uku aang'ono uku. Mukamuuza kuti ayang'ane kukula ndi mtundu nthawi imodzi amasokonezeka. Wa zaka 5 atole 20, awandandalike kuyambira laling'ono mpaka lalikulu, ndipo powerenga azikhudza tsamba lililonse ndi chala. Ana ambiri amatha kuimba manambala mpaka 20, koma apatseni zinthu zoti awerenge, amadumpha china kapena kuwerenga chimodzi kawiri. Kukhudzako ndiko kumawongola zimenezi.

WaZankhalango

Ndiwonjezepo pa zimene anena aphunzitsiwa.

Chimene chimawadabwitsa ana kwambiri ndi kuona madzi akutuluka m'masamba. Tengani jumbo yoonekera mkati, yopanda bowo. M'mawa dzuwa likakwera, vekani nthambi ya masamba ambiri athanzi imene ili padzuwa, n'kumanga kukamwa kwa jumboyo ndi chingwe, molimba. Pakatha maola awiri kapena atatu timadontho timayamba kuoneka mkati, ndipo pofika madzulo madzi amakhala atadikha pakona ya jumbo. Madziwo mizu yawakoka m'nthaka, akwera m'thunthu, n'kutuluka ngati nthunzi pa timabowo tosaoneka ndi maso, timene tambiri tili kunsi kwa tsamba. Kwa mwana ingonenani kuti mtengo umamwa ndi mizu n'kutulutsa ndi masamba, basi. Musaiwale kumanga jumbo yachiwiri pa nthambi yopanda masamba kuti ayerekeze yekha, apo ayi adzaganiza kuti jumbo ndiyo ikupanga madzi. Mukapeza m'jumbo ya pa nthambi ya masamba muli mouma, ndiye kuti nthambi inali pamthunzi, kapena munamanga mofooka, kapena mtengowo uli ndi ludzu, poti nthaka ikauma umatseka timabowo tija kuti usataye madzi. Chotsani jumbo tsiku lomwelo chifukwa masamba amapsa ndi kutentha kwa mkatimo. Madziwo asamwe, ndipo jumbo isatsale m'manja mwa ana.

Kuyeza kunenepa kwa thunthu n'kosavuta. Akatswiri amayeza pa mamita 1.3 kuchokera pansi, koma ana azingozunguliza chingwe pamene pafika chifuwa chawo. Dulani chingwecho, chitani chimodzimodzi pa mitengo ina iwiri, muyale zingwe zitatuzo pansi mutazilinganiza mbali imodzi. Mwana aloze yekha chachitali ndi mtengo wake.

Za kuwerenga mizere yozungulira pa chitsa ndikuchenjezeni pang'ono. Zoti mzere umodzi ndi chaka chimodzi zimagwira kumene mtengo umaima kukula nyengo ina chaka chilichonse, kaya chifukwa cha kuzizira kapena chilimwe. Mitengo yambiri ya kumadera otentha a mvula yosadukiza siionetsa mizere yomveka. Paini amaonetsa bwino. Kwechani chitsacho ndi sandipepa, muchinyowetse, mizere imaoneka msanga. Izi n'za wamkuluyo, wa zaka 3 sapindulapo kanthu.

Tsono chofunika koposa. Mtengo umene simukuudziwa, ana asathyoleko kanthu. Pewani uliwonse wotuluka utomoni woyera ngati mkaka, monga nkhadze, chifukwa umawotcha khungu ndi maso. Ukalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala. Njere za nsatsi n'zokongola ndipo ana amazikonda, koma zili ndi poizoni woopsa zikatafunidwa. Oleander, chitsamba cha maluwa chimene anthu amabzala pokongoletsa, n'chapoizoni chonse, masamba ndi maluwa omwe. Ana asanakhudze thunthu, liyang'aneni kaye inuyo ngati pali mavu, nyerere kapena mbozi zaubweya. Pomaliza asambe m'manja ndi sopo.

Mlimi_wa_Mbande

Akuluakulu anena zabwino, koma palibe watchula kumeretsa njere, pamene mtengo umayambira pamenepo.

Njere ya peyala ndi yabwino chifukwa ndi yaikulu, zonse zimaonekera poyera. Itsukeni, mbali yosongoka iyang'ane kumwamba, yophwatalala pansi. Bayani timitengo totokosera m'mano titatu kapena tinayi mozungulira pakati pake (izi muchite ndinu), muikhazike pakamwa pa tambula ya galasi kuti masentimita awiri kapena atatu a kunsi akhale m'madzi. Sinthani madzi masiku atatu kapena anayi alionse, ndipo tambula ikhale pofunda, powala koma posawomba dzuwa lamphamvu. Njere imayamba yang'ambika, muzu n'kutsika, mphukira imabwera pambuyo. Ikani ziwiri kapena zitatu chifukwa zina sizimera.

Vuto lake ndi nthawi. Imatenga masabata awiri mpaka 8, ndipo palibe mwana wa zaka 3 amene angadikire zimenezo. Ndiye pambali pake ikani nyemba. Si mtengo inde, koma dongosolo ndi lomwelo, muzu kaye kenako mphukira. Viikani nyemba zinayi usiku umodzi, muzilowetse pakati pa khoma la botolo lagalasi ndi thonje lonyowa, zikhale pamwamba pa madzi osati m'madzimo. Muzu umaoneka pakatha masiku atatu mpaka asanu. Zikaola n'kuyamba kununkha, madzi anachuluka, pakuti njere imafunanso mpweya. Ana amakonda kuthirira mopitirira, choncho apatseni supuni ndi lamulo loti masupuni awiri pa tsiku, thonje likakhala kuti layamba kuuma. Musagwiritse ntchito mbewu yogula yopakidwa utoto wa pinki kapena wobiriwira, imeneyo ili ndi mankhwala.

Za wamng'onoyo, amayi: chinthu chilichonse chimene chingalowe m'kachubu ka katoni ka pakati pa tishu ya kuchimbudzi chingathe kumutsamwitsa. Nyemba zimalowanso m'mphuno ndi m'makutu. Botolo liphimbeni ndi kansalu komanga ndi mphira, likhale pamwamba, azilionera muli pomwepo.

Mayi_wa_Awiri

Zikomo kwambiri nonse. Funso lina laling'ono: masamba amene titole tiwasunge bwanji kuti asafote n'kupindika?

MphunzitsiWaMkaka

Atoleni ali ouma kunja, osati a mame kapena mvula. Ayaleni osasanjikizana pakati pa mapepala a nyuzipepala, atatu pansi atatu pamwamba, n'kutsendereza ndi mabuku olemera. Sinthani nyuzipepalazo pakatha masiku awiri kapena atatu, chifukwa zimayamwa chinyezi ndipo mukazisiya masamba amada n'kuchita chuku. Opyapyala amauma pa sabata imodzi kapena ziwiri. Onenepa, amadzimadzi, asiyeni, sauma bwino. Pomata m'kope gwiritsani ntchito selotepi pa phesi ndi kunsonga, popeza guluu wamadzi amakwinyitsa pepala. Pansi pa tsamba lililonse lembani tsiku ndi mawu enieni amene mwana wanena za tsambalo, osawakonza.