Akuti ayamba aimitsa zotichotsa m'mbali mwa msewu, ndiode belo kapena ndidikire?

NaPhiri_wa_ku25

Moni nonse a m'gulu muno. Ndine mayi wogulitsa kaunjika wa ana m'mbali mwa msewu kwathu kuno ku Area 25 mu Lilongwe, ndipo pali nkhani yomwe yandisowetsa tulo.

Mwezi wathawu kunabwera anthu a ku ofesi pa galimoto ya chimkuzamawu, kulengeza kuti tonse ogulitsa m'mphepete mwa msewu tisamuke lisanakwane tsiku lomwe anatchula, apo ayi adzatisamutsa okha. Anzathu a maokala ndi makontena anawapakira X wofiira pakhoma. Ine khoma loti n'kupakapo penti ndilibe, changa ndi thandala la nsungwi, pepala lakuda la pulasitiki ndi chingwe chopachikapo timadiresi, koma mawuwo anali onena tonse. Ndinasiya kuoda. Katundu amene anatsala ndinamugwetsa mtengo, tizovala tabwinobwino ndinkangoti tengani, bola mpamba ubwerere.

Tsikulo litafika tinalawirira kudzaonerera, osayala kanthu. Sikunabwere munthu. Mawa lake zii. Kenako tcheyamani wathu anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti akuluakulu ayamba aimitsa kaye, akuti akufuna ayambe apeza malo oti tipiteko. Kalata sanationetse, anangoti auzidwa pafoni. Panopa aliyense wabwerera pamalo pake, ena mpaka akulitsa mashedi. Woyandikana nane wogulitsa nsapato wagula njerwa ndi simenti, akuti amange kaokala poti "zija zatha".

Tsono mwezi uno ku banki mkhonde andilola kutenga ngongole. Ndimafuna ndiode belo lathunthu poti Khirisimasi yayandikira, ndipo ndi nyengo yokhayo imene zovala za ana zimayenda munthu osachita kusasa mawu. Koma mtengo wa belo mukuudziwa nokha, si paja anzathu anachita kuguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale 2025 chifukwa cha zomwezi? Ndikaoda lero, iwo n'kubwera sabata yamawa, ngongoleyo ndidzaibweza ndi chiyani? Bambo a kunyumba akuti ndidikire, koma iwo sakudziwa kuti pamene ndikudikirapo ndiwo tikugulira mpamba womwewo.

Amene munaziona izi ndithandizeni. Akati aimitsa ndiye kuti basi, kapena akungotola mphamvu?

Madala_a_pa_Tsoka

Mayi NaPhiri, mnzanu wa njerwayo kamuuzeni kuti simentiyo akakonzere khonde la kunyumba kwake.

Ine geni ndinayambira pa Malangalanga nthawi ya a Muluzi. Masiku amenewo tinkayala paliponse, pakhonde la sitolo ya mmwenye, pamlatho, ngakhale pakhomo pa banki, palibe amene ankatiloza chala. Machenjezo oti tichoke ankabwera ndithu, koma ankathera m'malere, ndiye tinazolowera. Zitamveka mu 2006 kuti boma la a Bingu lakonza Operation Dongosolo yochotsa mavenda m'misewu tinkaseka, tinkati nawonso atopa okha. Mwezi wa Epulo umenewo misewu ya mu Old Town inayera mbee. Munthu unkatha kuima pa depoti n'kuona kutsogolo popanda thandala ngakhale limodzi. Ambirife tinatsikira kumsika wa m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe uja, komwe ndili mpaka lero.

Chomwe achinyamata sadziwa ndi ichi. Malo atayamba kugawidwa, amene anapeza mizere yakutsogolo, modutsa anthu, ndi aja analembetsa mayina msanga pamene ena tonse tinkati kulembetsa n'kugonja. Ochedwa anapatsidwa kumapeto, koyandikana ndi zimbudzi, komwe kasitomala safikako pokhapokha atasochera. Ena mwa iwo ndi amene anayamba kubwerera mumsewu, poyamba madzulo okhaokha, katundu ali m'manja kapena paphewa kuti zikavuta aliyatse liwiro. Patapita zaka zingapo misewu inadzazanso.

Chiyambire nthawi imeneyo ndaona zinthu zikuyenda mofanana. Chisankho chikayandikira palibe wolimba mtima wokhudza venda, poti venda ndi voti. Chikangodutsa, kapena kukabuka matenda, kapena kontilakitala akafuna kuyamba msewu, nkhani ija imadzuka pomwe inagonera. Ndipo ikadzuka salengezanso kachiwiri, amati tinakuuzani kale. Amakonda kubwera m'bandakucha, pamene mwasiya katundu m'manja mwa mlonda.

Belo odani, koma katundu azigona kunyumba tsiku ndi tsiku. Muzibwera ndi wongokwana m'chikwama chimodzi choti mutha kusenza nokha.

Kalaliki_Wopuma_Biwi

Ndiwonjezere pa zomwe anena madalawa, poti ndinagwirapo ntchito ya ukalaliki kwa anthu oyeza malo.

Funso loyamba lomwe mukafunse tcheyamani wanu ndi lakuti: waimitsayo ndani? Ngati ndi khoti lomwe lapereka chiletso, pamakhala pepala la chidindo, lolembedwa mayina a amene anakasuma, ndipo a ofesi sangakukhudzeni mpaka woweruza atamva mbali zonse kapena atachotsa chiletsocho. Komabe chiletso chimatha kuchotsedwa tsiku lililonse inu osadziwa, ndiponso nthawi zambiri chimateteza okhawo amene ali m'gulu lomwe linasuma. Ngati ndi ofesi yomwe yaganiza yokha zodikira, chilengezo choyamba chija chikadali ndi mphamvu, angochiika m'kabati. Nanga akakhala wandale amene wayankhula pamsonkhano kapena waimba foni? Apo ndiye mulibe chogwira m'manja ngakhale pang'ono. Mmene mwafotokozeramu, zoti "auzidwa pafoni", ine sindikuona khoti pamenepo.

Za malowo. Msewu si phula lokha ayi. Lamulo la misewu limasiya malo mbali zonse ziwiri, osungira ngalande, mapaipi a madzi, mapolo a magetsi, njira ya oyenda pansi, komanso kuti msewuwo udzakulitsidwe m'tsogolo. Pa msewu waukulu monga M1 malowo ndi mamita 60, kutanthauza 30 uku 30 uku kuchokera pakati pa msewu. Misewu ing'onoing'ono ili ndi muyeso wocheperapo. Mwaona nokha mmene Kenyatta Drive, Mzimba Street ndi msewu wochokera pa Crossroads kupita ku Kanengo yatambasukira zaka zapitazi. Malo amene anthu ankaona ngati tchire lopanda mwini ndi amene pano pakudutsa galimoto.

Apa ndi pamene mnzanu wa nsapato akufuna kudziwotcha. Chipukuta misozi chimapita kwa munthu amene msewu wamupeza pamalo ake ovomerezeka. Amene wamanga yekha m'malo a msewu, makamaka atachenjezedwa kale, sayembekezera kalikonse, ndipo njerwa sizithawika nazo.

Pali zinthu ziwiri zomwe mavenda ambiri amazimva molakwika. Kachiphaso ka tsiku kamene mumadula kaja ndi umboni woti mwalipira tsiku limenelo basi, sikakupatsani malowo. Komabe muzisunga, poti pa nthawi yogawa malo kamatha kuonetsa kuti ndinu wakale pamenepo. Chinanso ndi nkhani ya vakabu. N'zoona kuti mu Januwale 2017 High Court inagamula kuti gawo lija la lamulo lomwe ankamangira anthu ongopezeka akuyenda likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, pa mlandu wa a Mayeso Gwanda, venda wa majumbo wa ku Blantyre amene anagwidwa akulawirira ku geni yake. Koma chigamulo chimenecho sichinanene kuti kugulitsa mumsewu kwaloledwa. Malamulo a makhonsolo okhudza malo ochitira malonda akadalipo, ndipo mphamvu zowapanga amazitenga mu Local Government Act ya 1998.

Pitani kwa khansala wa dera lanu, pagulu osati panokha, mukafunse zinthu zolembedwa: malo atsopanowo ali kuti, kaundula akulemba ndani, adzakupatsani nthawi yotalika bwanji. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala, anthu ankasowa pokafunsa. Pano alipo, agwiritseni ntchito.

Mayi_a_Chiso_Kawale

Ine mundikhululukire, ndiyankhula ngati woyenda pansi. Nkhani yoti aimitsa sinandisangalatse.

Tsiku lililonse ndimadutsa pa depoti ndi mwana kumbuyo. Njira ya anthu munadzaza tomato, nsapato ndi mateyala, ndiye timatsikira mu phula, momwe muli maminibasi ndi akabaza osadziwa buleki. Ukaponda mwangozi kansalu ka munthu, mawu amene ungamve sungawabwereze pamaso pa apongozi. Ngalande nazo zinatsekeka ndi majumbo ndi makoko, mvula ikangogwa pang'ono madzi akuda ali m'miyendo. Mwaiwala kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700, sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre mpaka kuchedwa kutsegulira mu Januwale 2023?

Sindikunena inu a NaPhiri, zovala za ana sizitseka ngalande. Koma kuimitsaimitsa kumeneku sikuthandiza aliyense. Inu simukugona, ife tikuyenda moika moyo pachiswe, msika osamangidwa.

NaPhiri_wa_ku25

Mayi a Chiso, sindikutsutsani, nanenso ndili ndi ana oyenda pamsewu womwewo popita kusukulu. Koma mundiuze zoona: sabata ino tomato munakagula mkati mwa msika kapena munangowerama potsika minibasi? Ife timakhala pomwe pali mapazi a anthu. Ndinayesapo kukhala mkati mwa msika, pa benchi yobwereka kwa munthu amene ali ndi mabenchi angapo koma sagulitsapo kanthu, amangodikira lendi mwezi ukatha. Dzuwa linkalowa nditagulitsa kamalaya kamodzi, pamene anzanga a panja akuwerenga ndalama. Atati atilowetse tonse tsiku limodzi, panja osatsala ndi mmodzi yemwe, ine ndikhala woyamba kunyamula thandala. Chimene sindingachite ndi kulowa ndekha ena atatsala kunja.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzinda muno tinali kale pafupifupi 1 miliyoni. Ntchito zolembedwa zili kuti zoti zikwanire anthu onsewo? Mwana akamaliza Fomu 4 amapatsidwa kampamba n'kuuzidwa kuti kazione kutauni.

A Kalaliki, zikomo kwambiri. Dzulo madzulo tinapita amayi angapo kwa tcheyamani kukafunsa za pepala. Anayamba kuzungulira, kenako anavomera kuti za khoti palibe. Tinafunsanso za kaundula, ndiye tinadabwa kumva kuti mayina analembedwa kale sabata yatha, ndipo pali mayina a anthu amene sitinawaonepo akuyala pamalo pathu. Langa mulibe. Ndinakhala pansi pakhonde pawo n'kunena kuti sindichoka mpaka andilembe, ndipo anandilemba ndikuona, ndi nambala ya chitupa changa cha unzika pambali pake. Tagwirizana kuti Lachiwiri tipite kwa khansala ndi tiziphaso tathu takale. Tanga ndinkasunga m'chitini cha mkaka osadziwa kuti tidzagwira ntchito.

Za belo, tagwirizana ndi mnzanga wa ku Area 49 kuti tigule limodzi tigawane pakati, aliyense ngongole yake ichepe. Wa nsapato uja ndamuuza, wandiyankha kuti ndine wamantha, ndipo maziko wakumba kale.

Madala_a_pa_Tsoka

Mwachita bwino kugawana. Potsegula belolo mukhalepo nonse awiri, ndipo muyambe mwapatula zoyamba, zachiwiri ndi zotsalira musanagawane, apo ayi chibwenzi chithera pomwepo.

Kaundulayo mumujambule pafoni, tsamba lomwe pali dzina lanu ndi masamba oyandikana nalo, aliyense wa inu akhale ndi chithunzi chake. Mabuku oterewa amakonda kusowa usiku woti mawa kugawidwa malo, n'kutulukira lina lolembedwa mwaukhondo. Ndipo Lachiwirilo mukafunse ngati kumalo atsopanoko kuli madzi ndi chimbudzi, komanso ngati minibasi zizidzaima pafupi. Akakayankha mozemba pa za minibasizo, mudzatiuze muno tisanakulangizeni zosamuka.