Bokosi la zithunzi za ma Gypsy ndi ma Traveller, pa katalogi ndilembe bwanji?

Nabanda: Anzanga ndithandizeni nzeru. Ku ofesi yosunga zolembedwa zakale komwe ndimagwira kuno ku England andipatsa bokosi la zithunzi zomwe khonsolo inajambula m'ma 1960, nthawi ija ankathamangitsa ma Gypsy ndi ma Traveller, anthu okhala m'makalavani m'mbali mwa misewu, lamulo la malo oimikapo makalavani la Caravan Sites Act la 1968 lisanabwere. Kuseri kwa chithunzi chilichonse wina analemba ndi pensulo, mayina a ana, nambala ya lole, pena mawu achipongwe oti sindingawabwereze pano. Chimodzi chandikhudza kwambiri, mayi akuyanika zovala pa waya wa mpanda, ketulo ili pamoto, wapolisi waima kumbuyo kwawo, kuseri angolemba kuti anthu osokoneza basi. Abwana akufuna katalogi ikwere pa intaneti mwezi wamawa.

aPhiri: Chemwali mawu a mwini wakewo musafufute ngakhale akuwawa, umenewo ndi umboni wa mmene boma linkawaonera anthuwo. Ife kosunga zolembedwa zakale ku Zomba mafayilo a atsamunda adzaza mawu oti native, sitikonza pa pepalapo ayi. Ikani mutu wanuwanu waulemu pamwamba, mawu akalewo apite pansi mu ma quotation, mulembenso kuti analemba ndi wa khonsolo osati inu.

Nangozo: Zoona aPhiri, koma Nabanda samala usawaphatikize onse m'thumba limodzi. A Romany, omwe amatchedwanso ma Gypsy kapena a Roma, makolo awo anachokera ku India kalekale ndipo chilankhulo chawo chimasonyeza zimenezo, pomwe ma Irish Traveller ndi anthu a ku Ireland komweko, ali ndi chawo chomwe amati Cant kapena Gammon, boma la Ireland linachita kuwavomereza ngati mtundu pawokha mu 2017. Ndiye ngati pa chithunzi sizikudziwika usalote, lemba kuti mtundu sunatsimikizike. Liwu la Gypsy kuno ambiri amadzitchula nalo okha bola G wamkulu, koma abale awo a Sinti ndi a Roma ku Germany liwu lofanana nalo lachijeremani la Zigeuner safuna kulimva n'komwe. Taona mmene a University of Liverpool anasanjira mapepala a bungwe lofufuza za anthuwa la Gypsy Lore Society lomwe linayamba 1888, ku Leeds kulinso zambiri ku Brotherton Library.

aMbewe: Ine nkhawa yanga ili pa mayina a anawo. Mwana yemwe anali ndi zaka 5 mu 1965 lero ndi gogo wamoyo, adzukulu ake ali pa Facebook, ndiye lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act 2018 likukukhudzani mayi, mayinawo asakwere pa intaneti. Komanso anthuwa akamva zoti ofesi ya boma ili ndi mndandanda wa mabanja awo mtima umagunda, ndipo ali ndi chifukwa, ku Berlin kuyambira 1936 wofufuza wa boma la a Nazi Robert Ritter ndi gulu lake ankayeza mitu ya a Sinti ndi a Roma n'kumalemba mibadwo ya mabanja awo, mapepala omwewo anathandiza kutumiza anthuwo kumsasa wophera anthu wa Auschwitz. Pitani kwa eni ake kaye. RomArchive, nkhokwe ya pa intaneti ya zaluso ndi chikhalidwe cha a Roma yomwe inatsegulidwa 2019, anaitsogolera ndi a Roma eni ake, sizinali zowalembera ayi.

Nabanda: Eee aMbewe zimenezo sindinaziganize. Pali bungwe la ma Traveller m'tauni momwe muno, ndiwaimbira Lolemba, ndiwapemphe abwere adzaone bokosilo tili tokha kuchipinda chowerengera.

Nangozo: Akabwera usayale zithunzi zonse patebulo nthawi imodzi, mabanja ena safuna kuona nkhope kapena kumva dzina la malemu mwadzidzidzi, kale mpaka ankawotcha ngolo ya munthu akamwalira. Uwafunse kaye ngati akufuna kuona.

Nabanda: Chabwino, pa intaneti ndiyika mutu wa bokosi lonse, zaka ndi malo basi, za chithunzi chimodzichimodzi zidikire. Abwana ndiwauza mawa kuti mwezi wamawa sizitheka. aPhiri nditumizireni chitsanzo cha mmene mumalembera chenjezo la mawu achipongwe aja.

aPhiri: Ndikafika pa kompyuta madzulo ano nditumiza, magetsi akangoyaka.