Kodi mchere amachita kulima?

Nabanda wa ku Ulongwe:
Abale, ine ndimagulitsa mchere wamiyala pamsika, woyeza pakachitini. Dzulo mwana wanga wandionetsa pafoni anthu a ku Korea akukokolola mchere ndi chithabwa, ati umenewo ndi munda wa mchere. Munda? Nanga mbewu yake ndi iti? Ndinaseka mpaka ogula kumandiyang'ana. Odziwa tandiuzeni.

Mphunzitsi wa ku Domwe:
Mayi, mwanayo sananame. Eni ake amati yeomjeon, kutanthauza munda wa mchere, ndipo yambiri ili pazilumba za Sinan. Madzi a m'nyanja amawalowetsa m'maiwe osaya, kuchoka dziwe ili kupita linzake, dzuwa ndi mphepo zikuwamwa, mpaka m'dziwe lomaliza mchere umagwirana. Koma njirayi si ya makolo awo ayi. Inayamba mu 1907 ku Juan, ku Incheon, Ajapani atayamba kulamulira zinthu kumeneko. Munda waukulu wa Taepyeong pachilumba cha Jeungdo unatsegulidwa mu 1953, chaka chomwe nkhondo ya Korea inaleka, kuti othawa nkhondo apeze chochita. Chondiseketsa ine n'chakuti mpaka 2008 malamulo awo ankauwerenga mcherewu m'gulu la miyala ya m'migodi, osati chakudya, anthu akuthira m'kabichi wawo wa kimchi chaka ndi chaka!

Malume Phiri, Furancungo:
Aphunzitsi, mwasiya ya makolo ija. Kale ankagalauza matope a kugombe ndi ng'ombe, akauma n'kuthirapo madzi a m'nyanja kuti adonthe, kenako n'kuwiritsa m'chiwaya chachikulu usana ndi usiku. Nkhuni zinkathera pamenepo. Ndi mmene agogo anga ankatchezera chidulo m'mphika woboola pansi, kungoti iwo ankathira phulusa la zitsononkho. Za othawa nkhondozo zandikhudza. Ife tinakhala ku Dedza zaka zisanu, ntchito yathu kufola pamzere wa ufa basi.

Mnyamata wa ku Moatize:
Malume, musasirire msanga. Mu 2014 zinaululika kuti ku Sinan komweko eni minda ena ankagwiritsa ntchito anthu olumala ngati akapolo, osawalipira, pachilumba poti sungathawe.

Nabanda wa ku Ulongwe:
Mayo ine! Ndimayesa nkhanza zotere n'za kwathu kuno kokha. Koma aphunzitsi, mvula ikagwa mwadzidzidzi amatani? Ine thumba limodzi linandisungunukira mu Januwale, denga likudontha, mpaka lero ndikubweza ngongole.

Mphunzitsi wa ku Domwe:
Amathamanga, ngakhale pakati pausiku, kukatsekulira madzi okhwimawo kuti alowe m'maenje ofoleredwa ndi kadenga kafupi. Kukacha bwino amawabwezanso m'maiwe.