Achikulire kumanga nyumba zawo pamodzi, zimathekadi izi?

MwanaWachisamba:
Moni nonse. Ndamva za cohousing, zoti achikulire amagwirizana nkumanga nyumba pamalo amodzi, aliyense yakeyake koma dimba, khitchini yayikulu ndi pochezera nzogawana. Mayi anga ali mzaka za mma 60, mphamvu zilipo ndithu koma akukhala okha, zosamukira kwa ana akukana akuti safuna kukhala mlendo pakhomo pa mpongozi, nde zokawasiya kosungira okalamba osayerekeza nkomwe kuwauza. Kodi izizi zikusiyana pati ndi kosungira okalambako? Nanga si za anthu a ndalama okha? Odziwa tandimasulireni chonde.

WapaNjinga:
Kusiyana kwake kuli pa mwini mawu achemwali. Kosungira okalamba kumakhala bwana ndi antchito, nthawi yodya amakuuzani, pomwe uku okhalamo ndi amene amapanga pulani, kukhazikitsa malamulo, kusunga thumba la ndalama komanso kuvomereza munthu watsopano akafuna kulowa. Kiyi wa nyumba yanu ali ndi inu, mukafuna kudya ndi anzanu mumapita, mukatopa nawo mumatseka chitseko basi.

Zinayambira ku Denmark, malo otchedwa Sættedammen anatsegulidwa mu 1972 ndi mabanja 27, kenako mu 1987 ku Copenhagen kunabwera Midgården ya achikulire okhaokha. Koma ine imene imandisangalatsa ndi New Ground ya ku Barnet, kumpoto kwa London, ya amayi okhaokha oyambira zaka 50. Analowamo mu 2016, mafulati alipo 25, mwa amenewa 17 ndi ogula ndipo 8 ndi a lendi yotsika, anachita dala kuti mayi wopanda nyumba yogulitsa asatsalire kunja. Amayiwo anakhala pansi ndi ojambula mapulani nkumanena okha pomwe akufuna mawindo ndi makonde.

Kaduka_Ayi:
A WapaNjinga mwakometsa kwambiri kkkk, tanenani zonse. Amayi a ku London mukuwatamawo anayamba kukumana mu 1998, kulowa 2016, zaka 18 zimenezo eti, ndipo ena mwa oyambitsa sanafike nkomwe polowamo. Munthu wa zaka 65 angadikire choncho? Chimachedwetsa ndi malo, gulu la agogo silingapikisane ndi makampani omanga pogula puloti, banki nayo imachita mphwayi kupereka loni kwa munthu wodalira penshoni, kwina khonsolo imaopa kuti okalamba akachulukana dera limodzi ndalama zowasamalira zikwera. Kuphatikiza apo mamitingi osatha, kukangana za galu wa uje, za amene sanasese holo, ine nde ayi.

MlembiWaKomiti:
Zoona zakezo, mukangosiya kuti aliyense agule pa mtengo wa pamsika nde kuti mwamanga mudzi wa olemera wokhala ndi dimba lokongola, palibenso china. Kutchipa sikubwera kokha, pamafunika wina woti agwire malo kapena nyumbazo. Ku Stockholm kuli Färdknäppen, inatsegulidwa mu 1993, ndi ya anthu opitirira zaka 40 amene ana anachoka pakhomo, onse ndi a lendi chifukwa nyumbayo ndi ya kampani ya mzinda, koma oyendetsa ndi okhalamo ndipo amaphika mosinthana mmagulu. Ku Montreuil pafupi ndi Paris a Thérèse Clerc, mayi womenyera ufulu wa amayi, anamenyera Maison des Babayagas, nyumba ya amayi achikulire, mpaka inamangidwa ngati nyumba za boma za lendi yotsika. Njira ina ndi community land trust, malo amakhala a bungwe la anthu amderalo mpaka kalekale, inu mumagula nyumba yokha, ndipo tsiku logulitsa pali malire a phindu lomwe mungatenge kuti wobwera pambuyo nayenso akwanitse. Ana ena sizimawasangalatsa zimenezi poti cholowa chimachepa, nde ndi bwino kukambirana poyera kusanache.

Chinanso chimatsitsa ndalama nchoti fulati imakhala yaying'ono, chipinda cha alendo ndi makina ochapira nzapagulu, simulipira chipinda chongogona fumbi kudikira adzukulu obwera kamodzi pachaka. Za mamitingi sindikana a Kaduka, koma mitingi yomweyo ndi imene imapangitsa kuti mukapanda kutsegula makatani mmawa wina agogode.

NesiWopuma:
Ine ndagwira ntchito ndi okalamba nde ndifunse chimene magulu ambiri amachizemba: wina akayamba matenda oiwalaiwala kapena stroko ikamugwetsa, zikhala bwanji? Aneba atha kukugulirani mankhwala, kukuperekezani kuchipatala, kukuphikirani mukachoka ku opaleshoni, koma sangakusambitseni tsiku ndi tsiku, iwonso mawondo akuwawa. Magulu okhazikika amalemberana zimenezi poyamba pomwe, kuti ife ndi oyang'anirana, chisamaliro chenicheni munthu amaitanitsa kunja ndipo zikafika povuta kusamuka kumakhalapobe. Muonetsetsenso kamangidwe, pasakhale masitepe osafunika, zitseko zikhale zotakata zoti wilutcheya idutse, bafa lolowa osakwera. Komanso zaka zisiyane, mukalowa nonse muli ndi 70 ndiye kuti mudzafika 85 limodzi, adzanyamule mnzake ndani? Pakhale a 55 osakanikirana ndi a 80.

Koma mwana wanga, mayi akowo wawafunsa? Izi sizoti mwana amakonzera kholo ayi, amene amakhalitsa ndi amene analowa mgulu okha nkuzolowerana ndi anzawo nyumba zisanamangidwe.

MwanaWachisamba:
Zikomo nonse. Amayi a Nesi, sindinawafunse, ndimafuna ndimvetse kaye ndisanakawasokoneze mutu. Ali ndi anzawo amene amachezerana nawo pafupipafupi, nawonso akukhala okha, nde ndikayambira pamenepo. A Mlembi, zija za malire a phindu pogulitsa, amawerengera bwanji?